Ng'ombe Imene Ndinaikana ku Mutorashanga

Anatibweza pachipata cha Nyamapanda, pamalire a Zimbabwe ndi Mozambiki, ine ndi Tamanda, mwana wa malemu mlongo wanga, chifukwa ndinalibe kalata ya bambo ake yomulola kutuluka m'dziko. Mapasipoti athu anali bwinobwino. Viza sinkafunika, poti munthu wa pasipoti ya Zimbabwe amadutsa mu Mozambiki n'kulowa m'Malawi ndi chidindo chokha. Chimene chinasowa ndi dzanja la mwamuna amene sanamugulirepo mwanayo ngakhale pensulo.

Mayi wa pawindo anali wamng'ono kwa ine, waulemu wake ndithu. Anayang'ana setifiketi ya kubadwa ya Tamanda, kenako ya imfa ya mayi ake, n'kuloza ndi cholembera, akunditcha sekuru, ndiko kuti agogo pa Chishona.

"Sekuru, za amayi ndaona, pepani. Koma apa pali dzina la bambo. Ali moyo?"

"Ali moyo."

"Ndiye kalata yawo ili kuti? Yolumbira, yodinda, pamodzi ndi fotokope ya chitupa chawo."

"Mwanangu, ine ndine malume wake. Ndine mwinimbumba."

"Mwini chii?"

Ndinamufotokozera kuti kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo womuyankhira pa chilichonse ndi mlongo wa mayi ake. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndamva, sekuru. Koma pano malume sitimudziwa. Ana akubedwa masiku ano. Tikamalola aliyense wonena kuti ndine malume, mawa ndinu nomwe mudzabwere pawindo pano mukulira. Ngakhale nditakulolani ine, ku Kuchamano akakufunsani zomwezi, ku Dedza chimodzimodzi."

Sananame. Ndinatenga mapepala anga n'kutuluka.

Panja kondakitala wa basi yathu anandikokera pambali. "Mudhara, musavutike. Ingondipatsani ya dirinki. Mwana adutse kuseri uko ndi azimayi a nthochi, mukakumana naye tsidya."

"Tsitsa zikwama zathu," ndinatero.

"Aa, mudhara! Aliyense amatero."

"Tsitsa."

Anatsitsa akung'ung'udza, basi n'kupita.

Njira yakuseriyo ndimaidziwa kuposa kondakitalayo. Ndiyo ndinalowera m'dziko lino ndevu zisanandimere. Kwathu ku Dedza chimanga chinali chitapserera, ndipo anthu ankati ku Halale kuli ntchito ya fodya. Pasipoti ndinalibe, m'thumba munali kakhadi ka ubatizo basi. Mu Mozambiki munali nkhondo, malole ankadutsa ku Tete mondondozana, asilikali patsogolo ndi pambuyo. Dalaivala wina anandibisa pansi pa tenti, ndipo titayandikira malire ananditsitsa kuti ndidzionere ndekha. Pamenepo ndi pamene ndinakumana ndi Zuze, mnzanga mpaka lero, wochokera ku Angoniya, akuthawa nkhondo ndi bulangete limodzi paphewa. M'tchiremo munali mabomba okwirira. Zuze anandigwira mkono.

"Chimwene, uziponda m'mapazi a ng'ombe. Ukaona udzu wosapondedwa, usauyandikire."

Tinalowa m'Zimbabwe titaweramitsa mitu, tikutsata ndowe.

Pulazi la fodya kufupi ndi Mvurwi silinatifunse viza. Folomani anatiyang'ana zikhatho, n'kutipatsa makasu. Mukomboni Chichewa chinkamveka kuposa Chishona: anthu a ku Ntcheu, a ku Dowa, a ku Tete, ena obadwira pomwepo osadziwa kuti kwawo kuli mbali iti. Ine ndi Zuze tinagawana chipinda ndi bulangete lija. Tinathyola fodya mame asanakamuke, utomoni wake ukumata m'manja mpaka sopo kulephera. Tinasoka, tinapachika, tinasonkha moto m'mabalani. Balani imafuna moto wosazima mpaka tsamba litauma. Ukangosinza, tsamba lida, ndipo mlandu ndi wako. Zuze akatopa ndinkamusonkhera mbali yake. Ine chifuwa chikandigwira, iye ankandisenzera nkhuni.

Tikapita kutauni ankatitcha mabhurandaya, dzina lonyoza ife obwera, anthu opanda mutupo, ndiko kuti mfunda. Boma litatipatsa zitupa, changa chinali ndi chilembo A kumapeto kwa nambala, kutanthauza mlendo. Chilembo chimenecho ndinayenda nacho zaka zambiri. Apolisi akaimitsa basi, ine ndinkayamba kutuluka thukuta asanandifike.

Fodya akagulidwa, ndinkatumiza kwathu kudzera mwa anthu opita kumudzi. Njerwa zinaumbidwa, malata anakhomedwa, nyumba ya amayi inaima ine ndisanaionepo. Amayi atamwalira sindinapite kumaliro. Ndikanatuluka popanda pasipoti, kubwerera kukanakhala kwa m'tchire momwe muja, ndipo ntchito ikanapita. Ndinalira ndili mushedi, ndikusankha fodya. Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kufola m'maofesi. Anandiuza kuti ndisankhe dziko limodzi. Ndinakweza dzanja n'kulumbira kuti unzika wa Malawi ndautaya, ndipo patapita nthawi ndinalandira pasipoti ya kuno. Ndinaigula ndi kwathu. N'chifukwa chake munthu akandiuza kuti mwana wa mlongo wanga adutse kuseri ngati katundu wozembetsa, ndimamuyang'ana kawiri. Ine ndinalowa mobisala kuti iye azidutsa pakhomo.

Mlongo wangayo, Esinati, ananditsatira amayi atamwalira. Anali katswiri wosankha fodya, maso ake sankaphonya mtundu wa tsamba. Mapulazi atasintha manja, anzathu ambiri anabalalika, ena ku golide ku Shamva, ena kumigodi ya kiromu. Ife tinatsala, chifukwa mwini watsopano ankafuna anthu odziwa balani. Anabwera ndi dalaivala wake wa thirakitala, mnyamata wa ku Guruve, dzina lake Munya. Munya anamuona Esinati, Esinati naye sanayang'ane kumbali.

Kwawo kwa Munya anatumiza munyai, amene ife timati nkhoswe. Anakhala pansi, anawomba m'manja, n'kufunsa kuti ng'ombe tikufuna zingati.

"Ng'ombe sitilandira," ndinatero. "Tambala mmodzi wa chinkhoswe, basi."

Mkuluyo anayang'ana anzake. "Mahara?"

"Si mahala. Mwamuna adzakhala kuno kwa mkazi. Ana akabadwa ndi a kuno."

Anaseka mpaka misozi, n'kuvomera. Kwa iwo unali mwayi wa mkazi waulere. Kwa ine nkhani inali yatha, ndipo inatha kumbali zonse ziwiri, chifukwa ngakhale pa mwambo wawo, mwamuna amene sanapereke roora, ndiko kuti malowolo, ana si ake. Tamanda atabadwa, Munya anapita ndi Esinati kukalembetsa, dzina lake n'kulowa pa setifiketi. Ine sindinaone vuto. Pepala ndi pepala, ndinkatero, mwambo tinapangana pamaso pa anthu.

Munya anachoka Tamanda akukwawa. Anati akukayesa kiromu ku Mutorashanga, abwera mwezi ukatha. Kumeneko anakwatira wina. Esinati analera mwana ndi manja a fodya, ine ndikuthandiza. Anamutengera pasipoti kuti adzapite naye kumudzi, koma chifuwa chinamutenga Tamanda ali Giredi seveni. Tinamuika kumanda a pakomboni. Munya anabwera, anakhala kumbuyo, n'kuchoka anthu asanadye.

Chaka chatha ndinapita kwathu ndekha, koyamba chichokere. Pachipata cha Dedza mnyamata wa yunifomu anafunsa cholinga cha ulendo.

"Ndikupita kwathu."

"Bambo, pasipoti iyi ikuti ndinu mlendo. Ndilemba kuti kukacheza."

Anandidindira mwezi umodzi.

Nyumba ya malata ndinaipeza, yokongola kuposa mmene ndinkaiganizira. M'menemo munali Lufeyo, mwana wa malemu mchimwene wanga wamkulu, ndi banja lake. Ananditulutsira mpando pakhonde ngati wogulitsa mankhwala, akunditcha "a Zimbabwe". Ana ake ankabisala kuseri kwa nkhokwe, akuseka kalankhulidwe kanga. Amayi anga aang'ono, aNambewe, omwe atsala okha mwa akuluakulu a mbumba yathu, ndinawapeza m'kanyumba ka kumbuyo, maso atachita khungu. Moni wanga sanaumalizitse.

"Mtchona iwe! Wabwera ndi sutikesi, nanga mwana wamkazi wamusiya kuti?"

"Ali kusukulu, amayi."

"Sukulu! Tamvera. Munda uja unali wa agogo ako aakazi. Unabwera kwa mayi ako ndi ine. Ine ndinabereka amuna okhaokha, onse ali kuchikamwini. Lufeyo kwawo ndi kwa mayi ake, pano akungodya za bambo ake. Iwenso usatsegule maso, supatsidwa, uli ndi ndevu. Wamkazi amene watsala ndi wa Esinati yekha. Ubwere naye ndimuyendetse m'malire anthu akuona. Lufeyo akuthamanga kuti alembetse mundawo kuboma m'dzina lake, ndipo akudikira ine ndigone. Ndikafa mwanayo asanaponde m'mundamo, watha."

Umenewo ndiwo ulendo umene unaduka pa Nyamapanda, sukulu zitangotsekera holide ya Ogasiti.

Titabwerera ku Mvurwi, ndinamuuza Zuze. Anavala jekete lake la kutchalitchi n'kuti tiyeni. Tinakwera atatu, ine, iye ndi Tamanda, kukamufuna Munya.

Mutorashanga ndi mapiri a udzu opanda mitengo, obooledwa paliponse. Pakamwa pa dzenje lililonse pali mulu wa miyala yakuda, ndi anthu ofanana ndi miyalayo. Tinafunsa za Munya, anatilozera. Anatuluka m'dzenje tochi ili pamphumi, wowonda, imvi zitayamba.

"Tsano!" anatero, ndiko kuti mlamu. "Mwatsata chiyani kuno?"

Tamanda anagwada n'kuwomba m'manja. Munya anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Wakula," anatero. Anapukuta dzanja pa ovolosi, koma sanamugwire.

Anatitengera pakhomo pake, mkazi wake n'kutipatsa tiyi. Ndinanena chimene tabwerera, mosazungulira: siginecha imodzi pamaso pa wolumbiritsa, ndi fotokope ya chitupa. Ndinkayembekezera kuti apempha kenakake. Munya anamwa tiyi wake pang'onopang'ono.

"Ndisaina, tsano. Lero lomwe ngati mukufuna. Koma kumudzi ku Guruve ndili ndi ng'ombe yaikazi, ili ndi bere. Mutenge. Chiredzwa."

Chiredzwa ndi ng'ombe imene bambo amapereka kwa anthu amene anamulerera mwana. Ukailandira, wavomera kuti unkangolera, mwini wake wabwera. Mwanayo amatenga malo kumtundu wa bambo, ndipo akadzakwatiwa ng'ombe zake zimalowa m'khola la bambo.

Zuze anandiponda phazi. Anandinong'oneza, koma Zuze akamanong'ona amamveka kutsidya kwa msewu. "Chimwene, ng'ombe ya bere! Landira, tizimwa mkaka. Mwana upite naye. Ku Dedza akamutsatira ndani?"

"Ndikagwira chingwe chake, ndagulitsa mwana wa Esinati," ndinatero. "Mlamu, ng'ombe zanu tinazikana muli mnyamata. Lero ndakalamba, ndiye ndiyambe kuzifuna?"

Munya anaika kapu pansi. "Inu munandichititsa manyazi, mukudziwa? Kwathu amandiseka mpaka pano. Akuti Munya anabereka mwana wa eni ake, anali tonde wobwereka. Munandilanda mwana ndi tambala mmodzi."

"Munyai wanu anavomera akuseka."

"Anali kuseka inu! Lero mwaona. Boma likudziwa ine. Inu boma silikudziwani."

"Bomalo linali kuti pamene mwanayu ankadwala chikuku? Munali kuti inu pamene yunifomu inkang'ambika?"

"Ndiye ndikuti tengani ng'ombe! Ndikulipira zomwezo!"

"Sindinalere kuti ndilipidwe."

"Ndiye sindisaina. Mukamusiya komweko, ndikudziwa. Mukamukwatitsa kwa mubhurandaya mnzanu, ine osamuonanso."

"Osamuonanso? Mvurwi ndi apa pomwe, mwamuonapo kangati?"

Mkazi wake analowa m'nyumba. Zuze anayang'ana nsapato zake. Ine ndinali nditaimirira kale, pamene Tamanda analankhula. Mwana ameneyu salankhula pa akuluakulu, koma tsiku limenelo analankhula, m'Chishona, ali chigwadire.

"Baba, ine ndikufuna kukaona kumene amayi anabadwira, agogo aja asanamwalire. Ndibwerera, ndili ndi sukulu. Mukasaina, holide ya Disembala ndidzabwera kuno kudzakhala nanu, ndidzawadziwe azing'ono anga. Mukakana, ndidikira. Ndikakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndidzapita ndekha, palibe adzandifunse kalata. Koma kuno sindidzapondako."

Munya anatenga tochi yake n'kumaiyatsa, kuizimitsa, dzuwa lili pamutu.

Tili m'kombi yobwerera ndinamufunsa Tamanda kuti za Disembalazo anamutuma ndani.

"Palibe, amalume."

"Ukudziwa kuti munthu sapita kukagona kwina osandiuza ine?"

"Ndikukuuzani panopa."

Zuze anaseka mpaka kutsokomola. "Ndi wa Esinati ameneyu, chimwene. Usalimbane naye."

Sindinakhale chete kudikira chifundo cha Munya. Ndinapita kukafunsa za khoti. Anandiuza kuti njira ilipo: woweruza atha kulamula kuti mwana ayende ngakhale bambo akukana, koma bamboyo ayenera kuitanidwa kaye, ndipo nkhani zotere sizitha msanga. Ndinati ndiyamba, zitenge nthawi imene zitenge. Kumudzi ndinaimba foni kwa mayi wina woyandikana nafe. Anati aNambewe asiya kutuluka panja, ndipo Lufeyo wayamba kusosa m'munda muja. Holide inkatha. Zuze anabwera kawiri kudzandikumbutsa za kondakitala uja, kachitatu za ng'ombe. Ndinamuuza kuti akatchulanso chimodzi mwa ziwirizi, azikamwera tiyi kwina.

Lolemba lapitali ndinali mushedi pamene anandiitana kuti kuli mlendo pageti. Anali Munya, atavala shati yoyera, tsitsi litametedwa. Ndinayang'ana kumbuyo kwake. Kunalibe ng'ombe.

"Tiyeni, tsano, ndisanasinthe maganizo."

Tinapita kutauni, Zuze akutiperekeza. Anajambulitsa chitupa chake, analumbira, anasaina, chidindo n'kugwa. Chinthu chimodzi anaumirira: kuti m'kalatamo mulembedwe kuti mwana abwerere sukulu zisanatsegulidwe. Ndinati lembani, ndi mmene ndinakonzera kale. Titatuluka anaima pakhonde la sitolo.

"Ng'ombe ija ikhala ku Guruve," anatero. "Ndi ya Tamanda, si yanu."

Ndinaitana Zuze ndi mayi wina wogulitsa matimati kuti amve. "Mlamu, mphatso ya bambo kwa mwana wake sindiletsa. Koma anthu awa ndi mboni: ine sindinalandire chiredzwa, chingwe chake sindinachigwire, ndipo mwiniwake wa mbumba iyi ndikadali ine."

"Ndinu ouma mutu, tsano."

"Mwachedwa kudziwa."

Zuze akuti ng'ombeyo ndi msampha, tsiku lina a ku Guruve adzanena kuti tinalandira. Mwina. Akadzanena, adzandipeza. Za Disembala ndavomera, poti mwana analonjeza ndi pakamwa pake, ndipo ndidzamuperekeza ndekha n'kukamutenganso ndekha.

Tinyamuka Lachinayi pa basi ya ku Lilongwe. Lufeyo wamva, ndipo watumiza mawu kuti mwana wolankhula Chishona sangapatsidwe dothi la ku Dedza. ANambewe nawo atumiza awo. Akuti njinga yowanyamula yapezeka, amangirirapo kale pilo. Loweruka m'mawa akayenda ndi Tamanda m'malire a munda wonse, kuyambira kudambo mpaka kumsewu, ndipo Lufeyo wauzidwa kuti abwere adzaonerere pamodzi ndi anthu ena onse.